Bambo Anga Anali Injiniya

9 Febuluwale

Okondedwa Bambo,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi achemwali. Ife kuno tili bwino, kungoti kuzizira kwafika povuta. Ana akukula. Wamkulu ali kalasi yachinayi, wamng'ono mano akutsogolo aguluka onse awiri, akamaseka amakhala ngati nkhalamba.

Ndasankha kulemba kalata chifukwa pa foni timangokuwizana, inu "Ati bwanji?" ine "Ndati mwadzuka bwanji!" mpaka foni kutentha. Achemwali akuwerengerani.

M'phukusili muli zimbale zisanu ndi chimodzi. Muziika m'makina aja ali pansi pa TV, achemwali akudziwa. Ndi sewero la anthu akale amene ankamanga njanji kudutsa m'chipululu, nthawi ya akavalo ndi mfuti. Kuno anthu apenga nalo. Anayambitsa ndi apongozi anga aamuna. Lamlungu lililonse timapita kwawo kukaonera, ndipo likayamba salola munthu ngakhale kutsokomola. Muli mkulu wina wa chipewa chakuda amene akutsogolera ntchito yonse. Ndikamuona ndimakumbuka inu.

Nkhani yaikulu nayi. Tagwirizana ndi mayi a ana kuti mubwere kuno mu Ogasiti, mudzakhale mwezi wathunthu. Zaka khumi ndi chimodzi zakwana osaonana, adzukulu anu amakudziwani pa chithunzi pokha. Za pasipoti ndi ndege musade nazo nkhawa, ndikonza ndine. Apongozi akuti akufunitsitsa kucheza ndi munthu weniweni wa njanji.

Mundiyankhe msanga.

Ndine mwana wanu.


2 Malichi

Mwana wanga,

Moni. Kalata yako yafika, zimbale zafikanso zosasweka. Ine ndili bwino, bondo lokha ndilo limandikumbutsa zaka. Mlongo wako ali bwino, makina ake osokera sakupuma. Akulemba ndi iyeyo koma mawu ndi anga. Ndamuuza kuti asakometsere, ndipo akamaliza andiwerengera kawiri ku khutu lakumanja, poti lakumanzere linapita ndi nyundo.

Za ulendo ndavomera. Ndinavomera asanamalize n'kuwerenga komwe. Wandiyeza kale jekete, akuti sindingakaonekere kwa apongozi ako ndi lija la maliro.

Sewero lako latisokonezera mzere wonse wa nyumba zino. Lamlungu masana chipinda chimadzaza. Wometa wa pakona amatseka shopu n'kubwera ndi benchi yake. Mayi ogulitsa makala amakhala pakhomo, diso lina pa TV, lina pa matumba awo. Chidiso, mnzanga uja tinali naye gulu limodzi zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi, amakhala pafupi ndi galasi ngati akufuna kulowamo.

Wometa wakonda wa chipewa chakuda uja. Akuti, "Ameneyu ndiye mwamuna. Sametetsa, koma ndamukhululukira." Mayi a makala akonda mayi wamasiye wophikira antchito, akuti akwatiwe ndi dokotala, asiye wa chipewa wamfuti uja, mfuti siilima. Amatsutsana mpaka chithunzi chimangoyenda chokha.

Ine chiyankhulo chawo sindichimva, ndipo ngakhale ndikanachimva, khutu palibe. Choncho ndimaona manja. Ndikuuze, mwana wanga, anthu amenewa njanji sanainyamulepo.

Njanji imodzi imafuna anthu khumi ndi awiri, awiri awiri pa chitsulo chopanira. Saidzutsa ndi mphamvu, amaidzutsa ndi nyimbo. Woyimba amaima kumutu, ndipo woyimbayo ndinali ine. Ndikati, "Gwira, m'bale, gwira!" onse amati, "Tagwira!" Ndikati, "Msana ngwa yani?" onse amati, "Ngwa bwana!" Pa "bwana" pomwepo njanji inkadzuka ngati phesi. Wina akafulumira kapena kuchedwa ndi mpweya umodzi, kulemera konse kumathamangira kwa iye.

M'sewero lakoli amanyamula ali chete, aliyense nthawi yake, ngati akusuntha kabati. Chidiso anaimirira n'kukuwa, "Mufa inu! Woyimba ali kuti?" Wometa anati, "Khalani pansi madala, sakukumvani." Chidiso anati, "Nawonso ndi akapitawo eti?" Tinaseka mpaka kutsokomola.

Chinanso, amalumikiza njanji osasiya mpata. Chitsulo chimatalika dzuwa likatentha. Ukapanda kuchisiyira malo opumira, chimapindika ngati njoka, sitima n'kugwa. Zimenezi wa chipewa sakuziona, ali kalikiliki kuwombera anthu.

Wati ameneyu amakukumbutsa ine. Ndamuyang'anitsitsa. Chiyambire chimbale choyamba sanatsike pa kavalo, ndipo manja ake ndi osalala ngati a mwana. Kapena unkanena ndevu. Ukafuna kundiona ine, yang'ana kumbuyo kwake, m'fumbi muja, pakati pa aja sawaonetsa nkhope.

Apongozi ako uwauze kuti ndikubwera ndi nkhani zonse. Ndidzawaphunzitsa nyimbo, tidzanyamule tebulo lawo ndi adzukulu anga, aone mmene imayendera ntchito.

Ndine bambo ako.


6 Epulo

Bambo,

Kalata yanu ndailandira. Za a Chidiso ndinaseka ndekha m'basi, anthu mpaka kundiyang'ana. Mundiperekere moni. Mapepala a ulendo akuyenda bwino.

Pali kanthu kamene ndakhala ndikuzengereza kukuuzani. Kalata ino ndaiyamba katatu.

Tsiku loyamba limene ndinapita kwa makolo a mkazi wanga, tinakhala pa tebulo lalitali, aliyense mafoloko atatu. Bambo ake anali mkulu wa kampani. Alongo ake, wina loya, wina dokotala. Anandifunsa kuti bambo ako amagwira ntchito yanji. Ndinati ya njanji. Nkhope yawo inawala, anati, "Injiniya?" Bambo, ndinangogwedeza mutu. Sindinapite kumeneko nditakonzekera kunama. Ndinkati ndikonza mawa. Mawa linasanduka ukwati, ukwati unasanduka ana. Mkazi wanga naye amadziwa choncho. Mwana wathu wamkulu uja analemba kusukulu kuti agogo ake ankamanga milatho, aphunzitsi anamuwerengetsa pamaso pa kalasi yonse.

Tsopano sewero ili lathira mafuta pamoto. Apongozi akamuona wa chipewa chakuda amandigwira phewa, amati, "Bambo ako aja!" Agula kabuku, akulembamo mafunso oti adzakufunseni.

Pempho langa ndi laling'ono. Mukabwera simudzafunika kunama. Inu muzidzalankhula chiyankhulo chathu monga mwa masiku onse, ine ndizidzamasulira. Iwo sadzamva zanu, inu simudzamva zanga. Za nyimbo ndi tebulo zija tizisiye. Za zala zanu zoduka zija ndinawauza kale kuti munavulala mukuyendera ntchito ya anthu anu. Ndi mwezi umodzi wokha, Bambo.

Musaganize kuti ndimachita nanu manyazi. Ndikudziwa msana umene unandipititsa kusukulu. Koma banja langa laima pamenepa, ndipo sindikudziwa chimene chigwe ndikasolola njerwa imeneyi.

Mwana wanu.


28 Epulo

Mwana wanga,

Moni. Tili moyo. Mlongo wako anayamba wakana kundiwerengera kalata yako, anati maso akumuwawa. Ndinati ndipita nayo kwa wometa. Ndi pamene anawerenga. Ndinamubwerezetsa katatu, poti ndimayesa khutu likundinamiza.

Ndachedwa kuyankha dala. Ndimadikira kuti mawu azizire, angapsereze pepala.

Ndiyambe ndi sewero lako. Lamlungu lapitali tinaonera chimbale chachinayi. Zimene Chidiso ankakuwa zachitika. Njanji inawapulumuka, inagwera mmodzi wa onyamula. Anationetsa nsapato zake zokha. Kenaka chithunzi chinathamangira kwa wa chipewa chakuda. Iye anavula chipewacho n'kuyang'ana kutali. Mayi a makala anapukuta misozi, anati, "Taonani mtima wa bambo ameneyu." Wometa anati, "Utsogoleri ndi wowawa, abale." Palibe amene anafunsa kuti wa nsapatoyo anali ndani. Ine ndi Chidiso sitinayang'anane. Iye anatola ndodo yake n'kutuluka osatsanzika.

Iwe unali ndi miyezi isanu, sungadziwe. Malemu mayi ako ankangokuuza kuti bambo ako aang'ono anafera pa ntchito. Lero umve.

Anatibweretsera injiniya watsopano, wa nsapato zowala. Anamva nyimbo yathu, wina anamumasulira, anakwiya, anati tikumunyoza. Analetsa kuyimba. Anapatsa kapitawo wezulo. Koma wezulo siuza munthu kuti konzeka, umangolira basi. Tsiku lachitatu m'mawa tinkatsitsa njanji pa ngolo. A kumutu anamva wezulo, a kumchira mphepo inawabera. Mng'ono wanga anali kumchira. Ine ndinaponya dzanja kuti ndigwire chitsulo chimene chakanika anthu khumi ndi awiri. Zala ziwiri zinatsala pomwepo. Iye chinamugwera pachifuwa. Tinamuika pa ngolo yomweyo n'kukankha mothamanga, koma anatisiya tisanaone denga la siteshoni.

Injiniyayo anavula chipewa. Ndinamuona ndi maso angawa. Mawa lake anatilola kuyimba.

Ndiye iwe, mwa anthu onse a pansi pano, wasankha kundisandutsa ameneyo.

Ukanati ndinali mlonda, ukanati ndinali wosesa m'misewu, ndikanangoseka. Wati sindidzafunika kunama. Udzanama ndiwe, ine nditakhala pomwepo m'jekete latsopano, ndikumwetulira ngati mbuzi ya pamsika imene sidziwa zimene akukambirana pamutu pake. Ine ndidzati "mng'ono wanga", iwe udzati "mlatho". Ugonthi wanga wauona ngati mwayi. Apa mlongo wako akuti ndifewetse. Ndamuuza alembe mmene ndanenera.

Adzukulu anga ndikuwafuna, usakayike. Chithunzi chawo chili pamwamba pa TV, ndipo mlongo wako amandiseka kuti ndimachipatsa moni m'mawa. Koma ndikufuna adzagwire dzanja ili akudziwa chimene linagwira.

Choncho langa nali. Uwauze. Yamba ndi mkazi wako, poti ndiye ukukhala naye nyumba imodzi. Sindikuti uitanitse msonkhano. Mawu asanu okha: bambo anga ankanyamula njanji. Mlongo wako wawerenga, akuti ndi anayi. Ndiye ntchito yachepa kale.

Ukatero undilembere. Ndege ndikuiopa, koma ndikwera.

Ndine bambo ako.


19 Juni

Iwe mlongo wanga,

Ino ndikulemba ndekha, Bambo sakudziwa. Masabata asanu ndi awiri akwana opanda yankho. Foni yanga sukuyankha, mauthenga umangowawerenga n'kukhala duu. Kodi kumeneko manja amauma ndi chisanu?

Ndikuuze zimene sukuziona. Lachiwiri ndi Lachisanu Bambo amapita okha ku positi. Ndikati ndipite ine, amati akufuna kuwongola miyendo. Amabwerako ali chimanjamanja, amati kunali mzere wautali, ngati ndawafunsa.

Pasipoti inatuluka. Amayenda nayo m'thumba la malaya, amaitulutsa, amaiyang'ana chithunzi, amati anawajambula ngati wakuba. Jekete ndinamaliza, lili pa msomali m'pepala la pulasitiki. Anandiuza ndifufuze mmene amaperekera moni m'chiyankhulo cha ana akowo. Amayeserera akamameta ndevu, amayesa sindikumva, chonsecho mawu awo amafika mpaka pamsewu.

Sewero analiimitsa masabata awiri. Wometa anabwera kudzadandaula, akuti, "Madala, mwatisiya m'chipululu, sitima sinafike." Ndiye ayambiranso kuonetsa, koma iwo amakhala chammbali, amayang'ana pawindo. Wometa yemweyo wauza aliyense amene wakhala pa mpando wake kuti madala akupita kunja. Mayi a makala awauza kale kuti adzawabweretsere mpango. Bambo amangoti tiona.

Ine sindilowerera za m'banja mwako. Koma mkazi wako si mwana. Akakusiya chifukwa apongozi ake ananyamula chitsulo, ndiye kuti anakwatiwa ndi injiniyayo, osati iwe.

Funso langa ndi limodzi. Ine ndinasiya sukulu n'kukhala pa makina awa kuti iwe upitirire. Kwa apongozi akowo ndine ndani? Nesi? Woyendetsa ndege? Undiuziretu, ndidzisokere yunifolomu.

Alembere Bambo. Ngakhale mizere itatu.

Mchemwali wako.


14 Julayi

Bambo,

Pepani pochedwa, ntchito inandipanikiza. Tonse tili bwino.

Ndaganizira kwambiri za ulendo uja. Ndinacheza ndi mlamu wanga, dokotala uja. Akuti kukhala m'ndege maola ambiri chonchija si bwino kwa munthu wa msinkhu wanu, makamaka ndi bondo lovuta. Komanso mu Ogasiti apongozi akhala otanganidwa. Ndiye tauimitsa kaye, tione chaka chamawa. Ana akhumudwa kwambiri. Ndawauza kuti agogo sakupeza bwino.

Nkhani ija sindinaiiwale. Tsiku lina ndinayesa, tili awiri ndi mkazi wanga m'khitchini. Ndinatsegula pakamwa, iye anati, "Bwanji?" Ndinati palibe. Ndikudikira nthawi yabwino. Mundimvetse, Bambo.

Sewero lija latuluka gawo lachiwiri. Ndikutumizirani zimbale zake.

Mwana wanu.


3 Ogasiti

Mwana wanga,

Moni. Kalata yako yamveka. Iyi sindinabwerezetse, kamodzi kanakwana.

Bondo langa likuthokoza mlamu wako dokotala, amene walipima ali kutali chonchi. Ndi dokotala wamkulu ndithu. Bondo lomweli lakhala likupita ku positi kawiri pa sabata, silinadandaulepo.

Sewero lako tamaliza. Ndikuuze mathero ake mmene ndinawaonera ine, poti iwe unkayang'ana wa pa kavalo. Njanji inafika. Kunabwera akuluakulu a makolala oyera. Mmodzi wa iwo anapatsidwa nyundo kuti akhome msomali womaliza, anaphonya kawiri. Chidiso anati, "Mulandeni, adzipha!" Kenaka kunabwera wojambula zithunzi. Anaimika makina ake, anayang'anamo, n'kuyamba kukupiza dzanja kuti onyamula aja asunthe. Anasuntha. Anakupizanso. Anasunthanso, mpaka anatuluka m'galasi. Wa chipewa anaima pakati, mayi wamasiye pambali pake.

M'chipinda muno anthu anaomba m'manja. Wometa anaimirira pa benchi yake. Mayi a makala anati ngakhale sanakwatiwe ndi dokotala, bola wapeza pokhala.

Onse atatuluka, Chidiso anatsala. Anandiyandikira ku khutu, anati, "Tsiku lotsegulira njanji yathu ija anatibisa kuseri kwa thanki ya madzi. Ukukumbuka?" Ndinati ndikukumbuka, ankati malaya athu ndi ong'ambika, alendo angaone. Iye anati, "Anthu awa anama zambiri, koma apa pokha anafunsa munthu."

Kuseri kwa thanki kuja sikunandipweteke, mwana wanga. Tinakhala pansi, tinasuta fodya, tinamva sitima ikudutsa pa ntchito yathu osagwedera. Amene anatibisa anali munthu wachilendo. Sankandidziwa. Sindinamunyamulepo paphewa kupita naye kuchipatala, sindinamugwirepo dzanja tsiku loyamba sukulu.

Anthu kuno akundifunsa tsiku lonyamuka. Za bondo sindinawauze, poti amandiona ndikuyenda. Ndawauza kuti mwana wanga sanakonzeke. Ndi zoona, ndipo sizikukuvula.

Zimbale zina usatumize. Izi ndampatsa wometa, aziika m'shopu mwake. Pasipoti ndampatsa mlongo wako asunge m'kabati ya ulusi. Sindinakutaye. Pano ndi kwanu, ukafuna kubwera ubwere, ukafuna kubwera ndi ana ubwere nawo, adzandipeza mmene ndilili.

Koma wawauza ana kuti agogo awo sakupeza bwino. Ndayala njanji zambiri, ndimadziwa kuona kumene mzere ukulowera. Chaka chino sakupeza bwino. Chaka chamawa adwalika. Kenaka tsiku lina udzawakhazika pansi n'kuwauza kuti agogo atisiya, ndipo mtima wako udzapuma.

Ukadzafika pamenepo usadzavutike. Injiniya ameneyo unamubereka ndiwe. Ine sindimudziwa, sitinadyerepo mbale imodzi. Umuphe tsiku limene wafuna, umulire ndi apongozi ako, umuike wekha. Kuno usadzatumize uthenga wa maliro ake.

Mlongo wako wandiwerengera kawiri. Palibe chochotsa.

Ndine bambo ako,
wonyamula njanji.